“Akuseka chiyani?” Funso loyezera amene akuyenera chikho

Mthiko kuseri kwa chitseko

Pa nsanja pali bambo amene wafika pakhomo pakati pa usiku. Nsapato wavula, wazigwira m'manja, akunyang'ama kulowera kuchipinda. Sakudziwa kuti mayi wakunyumba waima kuseri kwa chitseko, mthiko uli m'manja. Palibe akuyankhula. Holo yonse yafa nalo phwete, ena mpaka kumenya mabenchi.

Pa mzere wachitatu pakhala agogo osaona, ndodo yawo yoyera aipinda n'kuiika pamiyendo. Pakhomo alipira ndalama yofanana ndi wina aliyense. Akutembenukira kwa mdzukulu amene wawaperekeza: “Iwe, akuseka chiyani?” Mwanayo misozi ili chuchuchu ndi kuseka, akungoti, “Dikirani agogo, ndikuuzani.” Pamene akuti ayambe kufotokoza, mthiko watera kale pamsana, ochita sewero ayamba kukalipirana, ndipo wina kumbuyo akudandaula kuti akusokosa. Agogo aja akhala chete. Ulendo wina sadzafunsanso, ndipo mwina ulendo winawo sadzabwera n'komwe.

Aliyense amene amagwira ntchito m'maholo a zisudzo anaionapo mphindi imeneyi. Ndiyo yoyenera kukhala patebulo pamene anthu akusankha woti alandire mphoto ya utsogoleri pa nkhani yofikitsa zaluso kwa anthu aulumali. Mphoto zotere zimakonda kupita kwa amene anayankhula bwino pa mwambo wotsegulira, kapena kwa kampani imene inapereka cheke chachikulu chojambulitsa. Koma funso la agogo lili ndi yankho lake, yankholo ndi ntchito, ndipo ntchitoyo ili ndi eni ake odziwika.

Washington, 1981

Margaret Pfanstiehl anali mayi wa ku America amene maso ake ankafa pang'onopang'ono ndi matenda a retinitis pigmentosa. Mu 1974 anayambitsa bungwe la Metropolitan Washington Ear, limene linkawerengera anthu osaona nyuzipepala kudzera pa wailesi. Pa nthawi imene nyumba ya zisudzo ya Arena Stage ku Washington inkafunsa nzeru za mmene ingalandirire anthu aulumali, panali kale zida zothandiza ovutika kumva: kachipangizo kotumiza mawu a pa nsanja mpaka m'khutu la munthu. Nzeru inali yakuti chida chomwecho chikhoza kunyamulanso mawu a munthu wina wokhala pambali, amene akuuza wosaona zimene zikuchitika. Mu 1981 Arena Stage inayamba kuonetsa masewero okhala ndi wofotokoza wotere, ndipo Margaret pamodzi ndi Cody Pfanstiehl, amene anadzakhala mwamuna wake, anaphunzitsa anthu ambiri ntchitoyi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene anaikankha nkhaniyi anali munthu woti iye mwini ankakhala m'holo osadziwa chimene anzake akuseka.

Ulemu unabwera mochedwa. Mu 1990 ntchitoyi inalandira Emmy, mphoto yotchuka ya zapakanema ku America, itafika pa wailesi ya kanema. Mu 2009 Margaret analandira mphoto ya utsogoleri pa msonkhano wa LEAD, ndipo anamwalira chaka chomwecho. LEAD, kapena kuti Leadership Exchange in Arts and Disability, ndi msonkhano umene Kennedy Center, likulu la zaluso la ku Washington, inayambitsa mu 2000. Umasonkhanitsa anthu amene sitiwaona pa zikwangwani: oyang'anira maholo, ogulitsa matikiti, ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, omasulira. Mphoto zake zimapita kwa ongoyamba kumene komanso kwa amene akhalitsa pa ntchitoyi. Chabwino pa mphotozi n'chakuti zimayang'ana kuseri kwa katani, kumene ntchito yeniyeni imachitikira.

Kufotokoza si kucheza

Ambiri amaganiza kuti aliyense wa pakamwa pothwa angathe kufotokozera wosaona sewero. Amene amalakwitsa kwambiri ndi olongolola omwewo.

Wofotokoza amayamba ndi kuonera sewerolo kawiri kapena katatu pa nthawi yokonzekera, ali ndi pepala la mawu onse m'manja. Amaika chizindikiro paliponse pamene ochita sewero akhala chete, chifukwa mipata imeneyo ndiyo munda wake wonse. Mpata wa masekondi atatu umangokwana mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Mawuwo amawalemba, amawayesa, amadula. Lamulo loyamba ndi lakuti sayankhula pamwamba pa wochita sewero. Akatero, womvera amataya zonse ziwiri.

Lamulo lachiwiri ndi lovuta kwa ife okonda kuthira ndemanga: nena chimene ukuona, osati chimene ukuganiza. Osanena kuti “mayi wakwiya”. Nena kuti “mayi wakweza mthiko, waluma mlomo”. Agogo aja ali ndi nzeru zawo, adziwa okha kuti pakhomo pavuta, ndipo kusangalatsa kwa sewero kuli pa kuzindikira wekha kumeneko. Lachitatu ndi nthawi. Ukafotokoza msanga kuti kuseri kwa chitseko kuli munthu pamene oonera ena asanamuone, waulula chinsinsi. Ukachedwa, agogo aseka okha holo itakhala kale chete, ndipo zimenezo zimachititsa manyazi kuposa kusaseka. Cholinga n'chakuti phwete lawo ligwere limodzi ndi la anzawo.

Zinthu zimene sizingakwane m'mipata zimanenedwa sewero lisanayambe. Kwa mphindi 10 kapena 15 wofotokoza amauza omvera ake maonekedwe a nsanja, kuti chitseko chili kumanja, mtondo uli pakati, ndani wavala chiyani, ndani wamtali, ndani akuyenda motsimphina. Nyumba zina zimaitana osaona ola limodzi sewero lisanayambe kuti akwere pa nsanja, akhudze zovala ndi katundu, amve mawu a wochita sewero aliyense akutchula dzina la munthu amene akumusewera. Izi sizidya ndalama. Zimadya ola limodzi ndi kudzichepetsa kwa ochita sewero.

Zida zonyamula mawu a wofotokoza zilipo za mitundu iwiri yodziwika. Za infrared, zotumiza mawu pa kuwala kosaoneka ndi maso, zimafuna kuti pakati pa chotumiza ndi cholandira pasakhale chotchinga, ndipo kuwala kwa dzuwa kumazisokoneza, kotero pabwalo la panja n'zosathandiza. Za FM zimadutsa khoma ndipo zimagwira panja, koma ziyenera kuyesedwa kuti zisalowerane ndi maikolofoni opanda waya a pa nsanja. Womvera apatsidwe chomvera cha khutu limodzi, kuti khutu linalo lizimva sewero ndi kuseka kwa holo. Pamene zida palibe, wofotokoza wophunzitsidwa akhoza kukhala pakati pa anthu awiri kapena atatu pakona pa holo n'kumanong'ona. Zimagwira, bola oyandikana nawo auzidwiretu.

Chimene chimapha ntchito yonseyi kawirikawiri si luso. Ndi mabatire amene palibe anawatchaja. Ndi wogulitsa matikiti amene sanauzidwe kuti zidazo zilipo, ndiye munthu akafunsa amayankhidwa kuti “zimenezo kuno kulibe”, chonsecho zili m'katoni pansi pa tebulo lomwelo. Ndi kiyi wa kabati amene wapita ndi munthu kumaliro.

Womasulira mumdima

Kwa osamva, cholakwa chofala kwambiri ndi nyali. Womasulira chinenero chamanja waitanidwa, walipidwa, waima pakona. Kenako sewero lafika pa gawo la usiku, wa magetsi wazimitsa zonse, ndipo kwa osamva sewero lathera pomwepo. Womasulira amafuna nyali yakeyake, yosazima, younikira kuyambira m'chiuno mpaka pamwamba pa mutu, chifukwa nkhope ndi mbali ya chinenerocho. Nsidze zikakwera kapena kutsika, tanthauzo lasintha.

Malo oima nawonso ndi nkhani. Mukamuika kutali kumapeto kwa nsanja, wosamva amakhala akutembenuza khosi uku ndi uku, ndipo nthawi iliyonse imene wayang'ana manja waphonya zochitika. Womasulira aime pamene diso lingamuone limodzi ndi ochita sewero, ndipo mipando ya osamva isungidwe moyang'anana naye. Zovala zikhale za mtundu umodzi wosiyana ndi khungu lake. Chitenje cha maluwa n'chokongola, koma manja amasowa m'maluwamo.

Sewero lopitirira ola limafuna omasulira awiri. Pa misonkhano amasinthana mphindi 20 kapena 30 zilizonse chifukwa ubongo ndi mapewa zimatopa, ndipo wotopa amayamba kudumpha ziganizo. Pa zisudzo amagawana anthu a m'sewero kuti kukangana kwa awiri kuoneke ngati kukangana. Pepala la sewero alilandire milungu ingapo tsiku lisanafike, aonere kukonzekera, agwirizane chizindikiro cha dzina la munthu aliyense. Mwambi kapena nthabwala yosewera ndi mawu singamasuliridwe munthu ataimirira pomwepo. Imafuna kukhalira pansi ndi osamva eni ake.

Tisaiwale kuti chinenero chamanja si chimodzi dziko lonse lapansi. Cha ku America ndi cha ku Britain n'zosiyana ngakhale maiko onsewo amayankhula Chingerezi, ndipo Malawi ili ndi chake. Wofuna womasulira woyenera kuno afunse bungwe la osamva la MANAD, asangotenga aliyense amene anaphunzira zilembo za zala pa YouTube.

Palinso anthu ambiri amene makutu anafa atakula, ndipo chinenero chamanja sachidziwa. Iwowa amafuna mawu olembedwa. Ku Britain bungwe la Stagetext lakhala likuchita zimenezi kuyambira mu 2000: munthu amakhala ndi kompyuta n'kumatulutsa mzere uliwonse pa chikwangwani pa nthawi imene ukunenedwa. Pulojekita ndi nsalu yoyera zikhoza kugwira ntchito yomweyo. Chovuta ndi chala cha wotulutsayo, chifukwa akafulumira, mathero a nthabwala amawerengedwa asananenedwe.

Thabwa si njira

Apa ndi pamene anthu ambiri amajambulitsa zithunzi, ndipo ndi pamene chinyengo chimaoneka msanga ukakhala ndi tepi yoyezera.

Muyeso wodziwika, umene uli m'malamulo a ku America otsatira lamulo la ADA la 1990 loteteza ufulu wa anthu aulumali, ndi 1 pa 12. Kutanthauza kuti pa sentimita iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 a kutalika. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna njira yotsetsereka ya masentimita 180. Nsanja yotalika masentimita 60 imafuna mamita 7.2. Mukaona thabwa la mamita awiri litatsamira pa nsanja yotere, dziwani kuti munthu wa pa chikuku sangakwere yekha, ndipo potsika akhoza kugubuduzika. Njirayo ikhale yotambalala masentimita osachepera 91, ikhale ndi kakhoma m'mbali kuti tayala lisaphonye, ndipo ikatalika pafupifupi mamita 9 pakhale malo afulati opumira. Pamwamba pakenso pakhale pafulati, chifukwa munthu sangatsegule chitseko chikuku chikubwerera m'mbuyo.

Khomo likatseguka pasale mpata wa masentimita osachepera 81. Kuti chikuku chitembenuke pamafunika bwalo la pafupifupi masentimita 150. Miyeso iwiriyi ndi imene imagwetsa zimbudzi zambiri zokhala ndi chizindikiro cha chikuku pachitseko. Zina zimakwana miyeso bwinobwino, koma mkati mwadzaza ndowa, makolopa ndi mipando yothyoka, chifukwa wina anaona kuti chipinda chachikulu chotere chikungokhala.

M'holo, malo a chikuku asakhale m'kanjira kodutsa anthu kapena kumbuyo kwenikweni kumene aliyense akaimirira kuvina munthu amangoona misana. Pambali pake pakhale mpando wa mnzake. Anthu amapita ku zisudzo ndi akazi awo, amuna awo, anzawo, ndiye kuwalekanitsa pakhomo n'kuwaonongera tsiku. Ndipo kunyamula munthu ndi chikuku chake pa masitepe, anyamata anayi akuwerenga “wani, thu, fili”, si njira yolowera. Kumaopsa, kumathyola chikuku, ndipo palibe munthu wamkulu amene amafuna kulowa m'holo ngati thumba la chimanga.

Zimene sizioneka pa chithunzi

Mu 2011 bungwe lothandiza zisudzo la TDF ku New York linakonza chionetsero pa Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo, cha ana ndi akulu a autism, amene ambiri mwa iwo amavutika ndi phokoso komanso kuwala kwambiri. Sewero linali lomwelo la masiku onse, koma phokoso ladzidzidzi analichepetsa, nyali zothwanima anazichotsa, m'holo munatsala kuwala pang'ono, anthu ankaloledwa kutuluka ndi kulowa, ndipo panja panali malo a phee opumirako. Makolo amene anali atasiya kupita kulikonse poopa maso a anthu anabwera ndi ana awo. Njira imeneyi inafalikira m'maiko ambiri, ndipo mbali yaikulu ya mtengo wake ndi kuphunzitsa olandira alendo kuti asamathamangitse mwana amene akufuula.

Kwathu kuno zoimbaimba ndi magule zambiri zimachitika pabwalo, dzuwa lili pamutu. Kwa anthu achialubino zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri: mthunzi weniweni, ndi malo akutsogolo, popeza ambiri maso awo saona patali. Tenti ya alendo olemekezeka imakhalapo nthawi zonse. Kusunga mipando ingapo mmenemo sikufuna komiti. Ndondomeko ya mwambo isindikizidwenso m'zilembo zazikulu, saizi 18 kapena kuposa, zakuda pa pepala loyera.

Ndiye pali kulengeza. Chithunzi cha chikwangwani chotumizidwa pa WhatsApp kapena Facebook, foni ya wosaona singachiwerenge bwino ngati tsiku, malo ndi mtengo zili m'chithunzimo basi. Lembani zomwezo m'mawu pansi pake. Nenaninso poyera kuti padzakhala womasulira, wofotokoza, njira ya chikuku. Anthu amene anabwezedwa pakhomo kambirimbiri sabwera mongoyerekeza. Okonza ambiri amachita zonse bwino tsiku limodzi, osauza aliyense, kenako n'kumati “tinayesa koma sanabwere”. Uthenga udutse ku FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), ku Malawi Union of the Blind (bungwe la osaona), ku APAM (bungwe la anthu achialubino), ndipo chionetsero chotere chibwerezedwe mpaka anthu akhulupirire kuti si za tsiku limodzi.

Mbali ina ya nsanja

Zonsezi zikunena za oonera. Koma gawo 30 la pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi inavomereza mu 2009, silinena za kuonera kokha. Limanenanso za mwayi woti anthu aulumali akulitse ndi kugwiritsa ntchito luso lawo. Holo ikhoza kukhala ndi khomo labwino lakutsogolo, koma chipinda chovalira chili pamwamba pa masitepe 12.

Gulu la zisudzo la Graeae ku Britain, limene Nabil Shaban ndi Richard Tomlinson anayambitsa mu 1980, linaonetsa njira ina. Pansi pa utsogoleri wa Jenny Sealey, mayi wosamva amene anayamba kulitsogolera mu 1997, chinenero chamanja, mawu olembedwa ndi kufotokoza zimalukidwa m'sewero momwemo kuyambira tsiku loyamba lokonzekera. Womasulira sakhala mlendo wa pakona, amakhala mmodzi wa anthu a m'nkhaniyo. Sealey anali mmodzi wa awiri amene anatsogolera mwambo wotsegulira masewera a anthu aulumali a Paralympics ku London mu 2012. Oweruza mphoto azifunsa: pa gulu lanuli, ndi aulumali angati amene amalemba, amatsogolera, amalandira malipiro?

Oweruza atenge tepi

Fomu yofunsira mphoto imalembedwa ndi munthu wodziwa kulemba, ndiye siyenera kukhulupiriridwa yokha. Oweruza apemphe kalendala ya chaka chonse, awerenge kuti ndi zionetsero zingati zimene zinali ndi womasulira kapena wofotokoza. Chimodzi pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali, ndi mwambo chabe. Apemphe bajeti, aone ngati malipiro a omasulira ali ndi mzere wawo, kapena amadikira wachifundo. Aone ngati aulumali amene anapereka malangizo analipidwa, chifukwa chizolowezi chowaitana kuti adzathandize nzeru n'kuwapatsa botolo la Fanta ndi yapaulendo n'chimene chimapangitsa kuti odziwa ntchito asiye kubwera.

Afunsenso chimene chingachitike munthuyo atachoka mawa. Ngati zonse zili m'mutu mwake ndi m'foni mwake, ntchitoyo ipita naye. Mtsogoleri woyenera chikho amasiya pepala lomata kukhoma lonena amene amatchaja mabatire, amasiya mlonda ndi wogulitsa matikiti ataphunzitsidwa, amasiya mzere mu bajeti umene wobwera pambuyo pake angachite manyazi kuufufuta. Nthawi zambiri munthu ameneyu si mkulu wa bungwe. Ndi woyang'anira holo, kapena mayi wa pa tebulo la matikiti amene anaphunzira yekha kupereka moni ndi manja.

Pakati pa oweruza pakhale wosaona, wosamva ndi woyenda pa chikuku, ndipo akhale ndi voti, osati kungofunsidwa maganizo. Apite kumaloko tsiku wamba osalengeza. Aimbe foni ngati munthu wofuna tikiti, afunse ngati pali zomvera, amve yankho. Alowe kuchimbudzi.

Pomaliza ayang'ane holo imene iwo eni adzaperekeremo mphotoyo. Zimachitika kuti wopambana ndi wa pa chikuku, nsanja ili ndi masitepe anayi, ndiye mlendo wolemekezeka amatsika n'kumupatsira chikho pansi, m'mbali mwa sipika, pamene anzake onse analandirira pamwamba pa kuwala. Masitepe anayi a masentimita 15 ndi masentimita 60. Kalipentala auzidwe za njira yotsetsereka ya mamita 7.2 ija kudakali milungu iwiri, ndipo opambana onse, oyenda ndi miyendo omwe, adzakwerere njira yomweyo.